Machila a Munthu Mmodzi

Lamulungu, 12 Januwale

A Vandi abwera kuchokera ku kaunjika ndi kathumba kakakulu ngati papaya, akaika patebulo pakati pa mbale. Mkati muli machila ogonamo, aja omangirira pa mitengo iwiri, koma a nsalu yopyapyala ngati ya ambulera, neti yake yosokerera pamwamba. Akuti ulendo wa ku phiri la Bintumani chaka chino sagonanso m'tenti.

Zifukwa andiwerengera pa zala. Ndi opepuka. Linthumbu silifikamo. Pansi kaya pali miyala kaya mizu, zilibe kanthu. Mvula imangodutsa kunsi. Mvula, mu Januwale, pakati pa chilimwe cha kuno.

Ndafunsa kuti mumalowa anthu angati. Akuti mmodzi.

"Nanga ine?"

"Tenti yonse ndi yako, Baindu. Utambasuke mmene ungafunire."

Zaka 31 m'banja, maulendo 23 a kuphiri m'tenti imodzi, sindinadandaulepo za malo. Kuyambira Okutobala amagona pampando pabalaza, ati mpira ukumatha mochedwa. Tsopano afika nazo kuthengo komwe. Poti muno mulibe wowerenga ndingolemba: ndikuopa kuti bamboyu akutuluka m'banja, pang'onopang'ono, mwaulemu, monga amachitira zinthu zonse.

Lolemba, 13 Januwale

Ayeserera pakati pa mtengo wa mango ndi chipilala cha geti. Geti silikutsekekanso.

Lachiwiri, 14 Januwale

Jeneba, mnzanga wa kuwodi ya amayi tisanapume pantchito, anabwera kudzabwereka poto wamkulu. Ndamuuza zonse. Wagwira nsaluyo ndi zala ziwiri, kuinunkhiza, n'kuiika pansi.

"Wanga anayamba ndi kugula kapu yakeyake," watero. "Pano ali ku Kenema ndi mayi wogulitsa mafuta ofiira. Ufufuze foni, mnzanga."

Ndafufuza ali kubafa. Muli mauthenga a kutchalitchi ndi mavidiyo 41 a mzungu wandevu akuphunzitsa kumanga mfundo. Kunena zoona, akanakhala mkazi ndikanadziwa poyambira.

Talongedza. Kale a V. ankanyamula mitengo ya tenti ndi zikhomo, ine nsalu. Lero zonse zalowa m'chikwama changa. Changa makilo 14, chawo 8. Achita kuyeza pasikelo ya kubafa n'kundionetsa, akumwetulira.

Lachitatu, 15 Januwale

Tafika m'tauni ya Kabala. Fumbi mpaka m'mano. Kunyumba ya alendo kunali chipinda cha bedi limodzi ndi cha mabedi awiri. Sindilemba chimene asankha.

Lachinayi, 16 Januwale

Maola anayi panjinga zamoto mpaka ku Sinekoro, kutsinde kwa phiri. Matako si anganso. Tapereka mtedza wa kola kwa akuluakulu monga mwa nthawi zonse, tagona kwa Ferenkeh, mlenje wakale amene watitsogolera maulendo khumi ndi umodzi. Akazi ake, Ma Sirah, atiphikira mpunga ndi chigwada cha tsabola wochotsa misozi.

A V. sanapirire, atulutsa machila kuti aonetse. Ferenkeh wawatambasula, wawatembenuza uku ndi uku.

"Aphunzitsi, nanga mtengo wake wonyamulira mwausiya kuti?"

Funso lake ndi lomveka. Kuno machila akachoka pakhonde ndiye kuti kwagwa zovuta. Amawamangirira ku mtengo wautali, amuna anayi paphewa, ulendo wa kumsewu. Amayi angati ndinawalandira kuwodi atabwera motero, mwana atapingasa. A V. afotokoza kwa mphindi makumi awiri kuti awa ndi a masiku ano, a anthu oyenda m'mapiri. Ferenkeh wangoti, "Oho."

Ma Sirah amangowayang'ana a V. Mwina nawonso amva kuti ndi mwamuna amene watsala pang'ono kusiya mkazi.

Lachisanu, 17 Januwale

Tsiku loyamba m'nkhalango. Malo amene timafika 2 koloko tafika 5 koloko. A V. amangoima, ati akuona mbalame. Zaka zonsezi mbalame zinalipo.

Tsopano kufuna mitengo. Nkhalango yonseyi, mitengo mamiliyoni, koma yoyenera palibe. Iyi yayandikana. Iyi yatalikirana. Uwu uli ndi nthambi youma pamwamba, ungawagwere. Uwu uli ndi nyerere. Mphindi makumi anayi akuyeza ndi mapazi kuchoka pamtengo kufika pamtengo, milomo ikuwerenga. Iwiri imene aipeza ili kutali ndi malo a tenti, moti pofuna kulankhulana m'pofunika kukuwa. Sitinafune kulankhulana.

Tenti yathu ili ndi mtengo umodzi wofuna anthu awiri, wina kugwira, wina kukhoma. Wagwira Ferenkeh, maso ali kumbali.

A V. akuwa kuti chinsinsi ndi kugona chopingasa pang'ono, msana umawongoka, ukagona molunjika umapindika ngati nthochi. Ndayankha kuti zikomo.

Mbali yawo ya tenti ndaikako chikwama. Sichiliza mkonono. Ndimaganiza kuti ndisangalala nazo.

Loweruka, 18 Januwale

Zimene mzungu wandevu sanawauze, kapena anawauza mu vidiyo ya 42: kuzizira kumalowera kunsi. Bulangete ukaligonera limaphwatalala, mphepo ya phiri n'kumadutsa pansi pa msana mmene ikufunira. Ndawapeza m'mawa milomo yatuwa.

"Mwagona bwanji?"

"Bwino zedi. Sindinagonepo chonchi."

Zoona zake. Tiyi theka watayikira pa thalauzi chifukwa cha kunjenjemera.

Koma ndilembe chilungamo. Kutangocha linthumbu linadutsa pakhomo penipeni pa tenti. Ndinatuluka ndi nsapato imodzi, ndikuvina gule amene sindinavinepo ngakhale paukwati wanga. A V. amaonerera ali m'mwamba, osanena kanthu. Kusanena kanthu kumeneko sindidzakhululuka.

Madzulo. Tafika pamene nkhalango imathera. Kuchoka apa ndi udzu ndi miyala basi mpaka pansonga, ndipo chaka chilichonse timakagona kuudzuko kuti tikwere kusanatenthe. A V. atula chikwama pamitengo iwiri yomaliza.

"Ine ndithera pano."

"Kwatsala maola atatu okha."

"Kumtundako kulibe mitengo."

"Kuli tenti."

Ayamba kumasula zingwe za machila.

"Ndiye kuti kusiya nsonga ya phiri kuli bwino kusiyana ndi kugona pafupi ndi ine?"

"Sindinatero, Baindu."

"Tangotchulani dzina lake tithane nazo."

"La ndani?"

Ferenkeh wanyamula mabotolo kukatunga madzi. Mabotolowo anali odzaza.

Tagona pomwepo tonse. Kamphasa kanga kothyolathyola ndawaponyera kuti ayale kunsi kwa msana. Kuponya, osati kupereka. Asafe ndi chibayo ndisanamve dzinalo.

Lamulungu, 19 Januwale

Ndakwera ndi Ferenkeh, awiriwiri. Pansonga fumbi lokhalokha, sumaona ngakhale phiri loyandikana nalo.

Chaka chilichonse a V. akafika apa amavula chipewa n'kuyamba phunziro. Uko ndi ku Guinea, mtsinje uwo umathira mwakuti, mwala uwu ndi wa zaka zakuti. Maulendo 23 ndakhala ndikuwauza kuti pano si m'kalasi, atisiye tipume. Lero kunalibe wondisokosera. Ndakhala pamwala ndipo ndalira, kulira kwenikweni kwa mamina. Ndauza Ferenkeh kuti ndi fumbi. Wavomera kuti chaka chino fumbi lachulukadi.

Pobwerera tawapeza atawiritsa madzi a tiyi, atakhala m'machila, miyendo ili lendee.

"Guinea inaoneka?"

"Bwinobwino. Mpaka nyumba."

Lolemba, 20 Januwale

Ndilembe mwadongosolo, mutu sukuyenda bwino.

Kutsika kwatenga nthawi kuposa zaka zonse. Cha m'ma 1 koloko tafika pakamtsinje ka kuminda, ola limodzi kuti tilowe m'mudzi. A V. ati apumeko, amanga machila m'mbali mwenimweni mwa njira, alowamo, atseka maso. Ferenkeh watsogola kukakonza za njinga za mawa. Ine ndakhala patsinde la mtengo chapatali, nsalu kumutu chifukwa cha ntchentche, nkhope ya munthu amene sanalankhule ndi mwamuna wake kuyambira dzulo.

Kwadutsa mayi wina ndi beseni la chinangwa. Waima. Wayang'ana machila, wayang'ana ine. Watula beseni n'kuliyatsa liwiro la kumudzi. Ndinangoti mwina waiwala kanthu pamoto.

Posakhalitsa ndikuona amuna anayi ndi mtengo wautali wosenda kumene, Ma Sirah patsogolo, amayi ena pambuyo. Osafunsa kanthu. Awiri agwira nsalu, awiri ayamba kumasula mfundo za mzungu wandevu kuti amangirire ku mtengo wawo, a V. ali momwemo.

Ndaseka. Koyamba sabata yonseyi ndaseka mpaka kugwira m'mimba.

"Iyayi abale anga, sakudwala! Awa ndi machila a m'tauni. Amagonamo anthu abwinobwino ofuna kuvutika."

Ma Sirah sanaseke.

"Mayi, paja inu ndi anamwino?"

"Zaka makumi atatu."

"Ndiye mwendo wamanzerewo simukuuona? Lachinayi potsika panjinga anachita kuunyamula ndi manja. Ife timati mukudziwa, n'chifukwa chake mwabwera ndi machila."

Ndatembenukira kwa a V. kuti awakalipire, poti kukonza zolakwa za anthu ndiye ntchito yawo. Amayang'ana masamba m'mwamba.

"Asiye anyamule, Baindu."

Anyamula. Ine pambuyo ndi zikwama ziwiri. Mapazi awo amatulukira kumapeto kwa nsalu, ndiye ola lathunthu ndayenda ndikuyang'ana nsapato. Yakumanja ili bwinobwino. Yakumanzere kutsogolo kwake kunaperepeseka mpaka kuoneka ulusi, chifukwa chokhulika pansi. Nsapato zimenezi ndimatsuka ndine.

Onyamula amacheza nawo. "Aphunzitsi, ku Freetown mumadya mpunga kapena simenti?" Iwo n'kumayankha, n'kumaseka. 

Lachiwiri, 21 Januwale

Andiuza m'mawa kuseri kwa nyumba ya Ferenkeh, pamene amayanika mpunga.

Zinayamba Seputembala. Anagwa kubafa ine ndili ku Bo kwa mwana wathu Sombo, anakhala pansi theka la ola akulephera kudzuka. Dokotala anakamufuna kutsidya lina la tauni, poti a kufupi onse amandidziwa. Ndi mitsempha ya mumsana. Opaleshoni mwina ithandiza, mwina ayi. Akagona miyendo imadumpha yokha, n'chifukwa chake anathawira pampando, kuti ndisamve. Akakhala pansi penipeni sangadzuke popanda kukwawira pachipupa, ndipo tenti ilibe chipupa. M'machila umangotsitsa mapazi, wayima kale.

"Bwanji osandiuza?"

"Wanyamula odwala moyo wako wonse. Ndimafuna ulendo umodzi wokha ndipite ngati mwamuna wako, osati ngati bedi nambala sikisi."

Ndawauza mawu angapo amene sindilemba muno. Ndawauzanso kuti sabata yonseyi ndakhala ndikufunafuna mkazi, mpaka m'foni. Aseka mpaka kutsokomola.

"Ndikanamuthamangira ndi mwendo uti?"

Sindinaseke nawo. Ndapempha mphasa kwa Ma Sirah, ndayala pabwalo.

"Gonani pansi."

"Pano? Anthu akuona."

"Anakuonani kale dzulo mukulendewera pamtengo. Gonani."

Agona. Zawatengera nthawi, ndipo ndaona zonse zimene akhala akundibisira miyezi inayi, mmene amaukokera mwendowo ndi dzanja, mmene amalumira mlomo. Sindinawathandize, kutsika aphunzire okha.

"Tembenukirani kumanja. Bondo labwinolo patsogolo. Dzanja pakhosi panga, osati pa diresi, ndi yatsopano. Ndiwerenga, ndikafika pa zitatu mudzuke."

Koyamba tagwa tonse awiri, nkhuku zabalalika pampunga. Kachiwiri tafika theka, iwo atukwana, mawu amene sindinkadziwa kuti mphunzitsi amawadziwa. Ma Sirah asiya kusinja, amuna a dzulo aja aima kumpanda manja m'chiuno. Mmodzi wafuna kubwera, ndamuyang'ana, wabwerera.

Kachitatu tadzuka. Ndi olemeradi, anthu aja sananame.

Kumsewu njinga zinali zitayamba kale kuliza mahutala. Ataima sanachotse dzanja pakhosi panga. Ine sindinawakumbutse.