Mkono Wanu Ukufunika ku Wodi ya Amayi

Okondedwa achimwene,

Muli bwanji kumeneko pamodzi ndi alamu ndi ana? Ine ndilipo, koma ndisakubisireni, ndakukwiyirani kwambiri.

Amayi agonekedwa m'chipatala. Adokotala akuti sangawachite opareshoni ya chotupa cha m'mimba popanda magazi, ndipo a gulu lawo atha. Mwa ana awo, a gulu limenelo tilipo awiri, inu ndi ine.

Ine ndinapita kukapereka. Anesi atandibaya chala anati magazi anga achepa, ndidikire kaye. Chifukwa chake ndi ntchito yangayi. Ku labotale timafufuza tizitsulo tosaoneka ndi maso, tokokedwa ndi maginito. Tikathira tizitsuloti m'magazi, tinthu ta m'magazimo totchedwa mapuloteni timaunjikana pamenepo ngati nyerere pa shuga. Ife timayeza kuti mapuloteni amene amamatira ndi ati, kuti tsiku lina tizitsuloti tidzanyamule mankhwala mpaka pa chotupa. Opereka magazi ofufuzirawo akasowa, timatambasula mikono yathu yomwe. Ine ndatambasula kangapo chaka chino, osadziwa kuti mkonowu udzafunika kwathu.

Ndiye dzulo azakhali andiuza zimene munanena. Akuti simubwera, poti ine ndikufuna ndikuthireni zitsulo m'magazi, muzimamatira pachitseko cha firiji. Akuti anthu anaseka mpaka kugwira nthiti.

Achimwene, munthu wamkulu ndi ndevu zanu, nthabwala pa matenda a mayi okuberekani? Ndimakudziwani ine. Jakisoni mumamuopa kuyambira kale, apa mwangobisala kumbuyo kwa ntchito yanga. Manyazi mulibe?

Magazi anuwo ine sindiwakhudza n'komwe. Amatenga ndi anesi, ndipo singano yake sikhalitsa pamkono.

Amayi sindinawauze zimenezi. M'mawa uno ndikuwapukuta kumaso, anandifunsa ngati mwakwera kale basi. Ndinati inde. Pomwepo anati ndiwapese tsitsi ndi kuwavalitsa duku loyera, mwana wawo wamwamuna asawapeze ali nyankhalala. Chiyambire akungoyang'ana kukhomo la wodi, aliyense akalowa akudzutsa mutu.

Mulungu akusungeni, akupatseninso mtima. Moni kwa alamu ndi ana.

Bodzali ndanama kamodzi, sindibwerezanso. Mawa akafunsa, ndikuimbirani foni ndi kuwaikira pakhutu, muwayankhe nokha.

Ndine mlongo wanu.