Khoma la Selo Yachinayi

Lolemba, 3 Juni

Ndafika. Ndende yakale ija anaisandutsa malo osungirako mbiri, ndipo ine ndine wojambula amene amuitana mwezi uno. Andipatsa selo yachinayi kuti ndizigwiriramo ntchito. Kazenera kake ngati bokosi la machesi, fungo la mileme lokhalokha. Abwana oyang'anira malowa akuti, "Konzanimo mmene mukufunira, ndi mwanu umo."

Lachiwiri, 4 Juni

Khoma linali bii, makala okhaokha, mitundu yanga siyimaoneka bwino. Ndapala ndi sandipepa, ndapaka penti woyera kawiri. Amayi ankanena kuti dzanja langali limathamanga kuposa mutu. Koma mwawala.

Lachinayi, 6 Juni

Mayi wosesa analowa, tsache n'kuwagwa m'manja. "Mwana wanga, watani apa?"

Si litsiro ndinapala lija. Inali kalata. Anailemba ndi khala mkaidi wina, mkulu wake wa bambo amene amaonetsa alendo malo ano. Mkaidiyo anafera muno, akundende mtembo sanaupereke, manda kulibe. Chimene banja linatsala nacho ndi khomali basi. Bamboyo ali kuchipatala, abwera Lolemba.

Ndikudzida.

Lachisanu, 7 Juni

Chithunzi cha khomalo palibe, alendo saloledwa kujambula m'maselo. Abwana akuti, "Inu khalani chete, tidzati chinali chinyontho." Akuopa za ntchito yawo. Nanenso ndinagwedeza mutu, wamantha ine.

Loweruka, 8 Juni

Tsiku lonse ndi lezala pakhoma. Penti akuchoka ndi pulasitala yemwe. Pansi pake palibe kanthu, ndinapala bwino zedi.

Lolemba, 10 Juni

Bambo oonetsa alendo aja abwera, owonda, akuyendera ndodo. Ndinawadikirira pakhomo n'kuwauza ndekha, za chinyontho sindinatchule. Sanakalipe. Bola akanandimenya ndi ndodoyo.

Analowa, n'kuika chala pakhoma loyeralo, pamwamba kumanzere. Anayamba kunena pamtima, chala chikuyenda: "Mng'ono wanga, uwauze amayi kuti sindinasaine zovomera mlandu. Ana anga usawabalalitse." Mizere iwiri. Wachitatu anauyamba, n'kuima. Anabwereza kuchokera poyamba, anaimanso pomwepo. Zaka zonsezi ankangowerenga, sanaganizepo zoloweza.

Anatembenuka, chala chikadali pakhoma.

"Mayi, inu ndi amene munaona komaliza. Apa panalembedwa chiyani?"

Ndinakhala maola atatu mphuno ili pakhoma limenelo. Sindinawerenge ngakhale liwu limodzi.