Zitini za a Zuze

Lachinayi, mwezi wa Epulo, ku Machinjiri. Mutu wandiwawa tsiku lonse.

Akulemba ndi Marita, mwana wanga mphunzitsi uja, ine ndikungonena. Nkhuku zimene anandigulira zasiya kuikira. A Zuze, oyandikana nafe, amangirira zitini pachingwe m'mapira mwawo, ndipo amazigwedeza kuyambira m'mawa pothamangitsa mbalame. Nditawadandaulira pampanda kuti phokosolo lasokoneza nkhuku zanga, anangoseka: "Amayi, nkhuku zanuzo n'zachizungu, muzizipepesa m'Chingerezi."

Madzulo ano akazi awo atitumizira mbale ya mbatata. Mbale yawo sindinaibwezepo yopanda mazira. Marita akuti tigule kugolosale tiikemo. Ndakana, chifukwa akaona mazira adzati nkhuku zili bwino. Mawa ndikaipereka ndekha m'manja mwa a Zuze, yotsuka bwino, yopanda kanthu, ndipo ndikakhala pakhonde pawo mpaka andifunse.