Makiyi a Malume Bizwick

Nsanama, Machinga

Okondedwa achimwene Paison,

Muli bwanji ku Joniko, inu ndi alamu anga a Joanna? Chifuwa chija chinakusiyani? Kuno tili bwino, amayi okha ndi amene miyendo ikuwavutabe.

Achimwene, khalani pansi kaye. Loweruka lapitali ine mlongo wanu ndayendetsa galimoto kuchokera pa Nsanama mpaka ku Liwonde, kumbuyo kuli azimayi khumi ndi anayi! Mpaka lero ndikumaseka ndekha.

Ndiyambe bwino. Timapita ku ukwati wa Madalo, mwana wa amayi aang'ono, pa pikiapu ya malume Bizwick. Malume anali atayamba kachasu m'mamawa, ati kukondwerera mwana wa mlongo wawoyo. Pokwera, kiyi ankamulasa pambali pa bowo. Tonse tinaona, koma mukudziwa kuti mwini mbumba sadzudzulidwa pagulu. Azimayi anangokwera, pakamwa nyimbo, mumtima pemphero. Ine ndinakumbukira tsiku lomwe tinakatola bambo pa msewu wa Ntaja atagundidwa ndi dalaivala woledzera.

Ndinapita kutsogolo kwa galimoto n'kugwada pafumbi, ndi chitenje changa chatsopanocho. Ndinati, "Malume, sindikukunyozani, koma pano sindidzuka mpaka mundipatse makiyi."

Analiza hutala. Anakalipa kuti anayamba kuyendetsa ine ndisanabadwe. Kenako amayi anatsika, ndi miyendo yawo yotupayo, n'kudzagwada pambali panga. Azimayi onse anatsatira, msewu wonse mawondo okhaokha. Malume anaponya makiyi pansi n'kufunsa monyodola kuti nanga ayendetsa ndani.

Apa ndiulule. Masiku onse ndimati ndikupita ku Balaka kukaphunzira kusoka aja, ndimaphunzira galimoto. Laisensi ndinatenga mu Juni. Ndimaopa kunena chifukwa chimwalirireni bambo, amayi safuna mwana wawo ayandikire chiwongolero. Koma tsikulo ndi iwo amene anatola makiyi n'kundipatsa m'manja.

Ndinayenda pang'onopang'ono moti a kabaza amatipitirira akuseka. Azimayi nthungululu njira yonse! Malume anakhala pambali panga atatupa, tisanafike patali anayamba mkonono.

Tsono vuto ndi ili. Malume akuti ndinawachititsa manyazi, ndiye sakhalanso nkhoswe pa ukwati wanga ndi Godfrey mu Okutobala. Popanda nkhoswe abusa satidalitsa, ndipo usiku sindikugona nazo. Chonde ayimbireni foni, inu amakumverani. Muwauze kuti za manyaziwo ndipita ndi nkhuku kukapepesa. Koma za makiyi sindipepesa, achimwene. Akandifunsa ngati ndingadzagwadenso, ndidzawayankha kuti inde, ngakhale pa tsiku la ukwati wanga lomwe.

Mulungu akusungeni kutaliko. Mundiperekere moni kwa alamu ndi kwa mwana wanu Tasha, mumuuze kuti mukamadzabwera ku ukwati wanga, azakhali ake adzamuchingamira okha pa Balaka ali pa chiwongolero.

Ndine mlongo wanu,
Ophelia