Chiliza Chanu Chikhala ku Tipton, a Osborne

Bambo Osborne Chavula
Anabadwira ku Wankie mu 1952, anamwalirira ku Dudley pa 14 Epulo 2020

A Osborne, lero zakwana zaka zisanu chitisiyireni. Kalendala ya ku tchalitchi ikuti zisanu, ana akuti zisanu. Maondo angawa okha ndi amene akutsutsa, akuti papita zaka khumi.

Chithunzi chili pamwambachi ndasankha ndekha. Mwana wathu Twambilile amafuna chija cha suti cha pa ukwati wake, koma pa chimene chija munatseka pakamwa ngati mboni m'khoti. Apa muli mu yunifolomu yanu ya pa basi, mano onse panja. Umu ndi mmene anthu a kuno ankakudziwirani, ndipo umu ndi mmene ndikufuna kulankhula nanu lero, chifukwa ndili ndi nkhani imene ndaisunga nthawi yaitali.

Zaka khumi ndi zisanu munayendetsa basi pakati pa Dudley ndi Birmingham, ndipo zaka zonsezo funso lanu linali limodzi: munabadwira kuti? Ndinakuchenjezani kambirimbiri kuti kuno funso limeneli ena limawapweteka, amaona ngati mukuwauza kuti azipita kwawo. Inu munkati munthu wofunsidwa ndi nkhope yoseka sakwiya. Ndipo ankakuyankhanidi. Ndikaweruka ku wodi ya kuchipatala, ndisanavule n'komwe nsapato, munkayamba kundiyalira anthu anu ngati nkhani za pa wailesi. Mayi wa ku Jamaica amene anabwera ali kamwana koma mpaka imvi sanagwirizane ndi kuzizira. Namwino wa ku Philippines wogona pa mpando wa kumbuyo, amene munkamudzutsa pa siteji yake osakupemphani. Bambo uja wa nduwira wa ku Smethwick, amene inu munkamuyesa wa ku India, n'kupezeka kuti anabadwira ku Limbe kuseri kwa msika, ndipo anakupatsani moni m'Chichewa chakale choposa chanu. Tsiku limenelo chakudya chinazizirira pa tebulo. Koma amene ankakudabwitsani kuposa onse anali nkhalamba ya ku Tipton, yobadwira mumsewu womwe ikukhalabe, bambo ake ndi agogo ake momwemonso. Munkati munthu wotere ngofunika kumuika m'galasi kuti ana asukulu azikamuona.

Funso lomwelo likakubwererani, munkaseka n'kunena kuti inu munabadwira pa malasha. Sikunali kunama. Bambo anu anachoka ku Mzimba kukakumba malasha ku Wankie, n'kukumana ndi mayi anu a ku Katete, ku Zambia, amene ankagulitsa zitumbuwa pa chipata cha mgodi. Dziko limene linalembedwa pa chikalata chanu chobadwira linasintha dzina, tawuniyonso inasintha dzina. Munakulira ku Ndirande. Ku Mzimba munapitako kanayi moyo wanu wonse, ndipo Chitumbuka chanu chinkathera pa moni. Ku Katete munapitako kawiri, kachiwiriko kukaika mayi anu.

M'nyumba mwathu momwemu simunapezeke anthu awiri obadwira malo amodzi. Ine ndine wa ku Mulanje, agogo anga anachita kuwoloka kuchokera ku Mozambiki atasenza mphasa. Twambilile anabadwira ku Blantyre, ndipo dzina tinabwereka kwa mzamba wa ku Karonga amene anandithandiza. Mwamuna wake Steve ndi wa ku Tipton. Mdzukulu wanu Ann anabadwira ku Dudley, ndipo ukamufunsa m'Chichewa amayankha m'Chingerezi cha kuno, chija chomeza mawu, choti ine ndimachita kumuuza kuti abwereze. Chitatha chaka chimodzi inu mutapita, kunabwera fomu ya kalembera wa dziko lonse. Inali ndi funso lanu lenileni, loti munthu aliyense wa m'nyumba anabadwira dziko liti. Mukanakhalapo mukanaikhalira pansi sabata yathunthu, n'kukagogodanso kwa aneba kukaona za iwo. Ine, poti ndinatsala ndekha m'nyumba, ndinalemba munthu mmodzi, Malawi, n'kutseka. Sizinatenge ngakhale nthawi yowiritsa madzi a tiyi.

Tsopano nkhani yake ndi iyi.

Munamwalira nthawi ya mliri, ndege zitaima. Zotumiza thupi kumudzi panalibe. Tinakuikani ku manda a ku Tipton, anthu owerengeka, aliyense ataima patali ndi mnzake, Twambilile atanyamula foni m'mwamba kuti a kumudzi aone. Ine matenda omwewo anali asanandichoke m'chifuwa. Ndinaima chifukwa Steve anandibweretsera ndodo.

M'mawa mwake anaimba foni a Augustine a ku Mzimba, mwana wa bambo anu aang'ono. Anati bambo anu analowola, ng'ombe zinapita, choncho inu ndinu mwana wa kuchimuna ndipo mafupa anu ayenera kukagona pafupi ndi bambo anu. Masana anaimba a Annie, mlongo wanu, amene akusunga mudzi wa mayi anu ku Katete. Anati kwa Achewa mwana ndi wa mayi, mwamuna wamkulu ngati inu ndi mwini mbumba, ndipo ng'ombe zikunenedwazo ku Katete palibe anamvapo kulira kwake. Onse awiri ankalira. Onse awiri ankanena zoona za kwawo.

Ine ndinali nditatopa. Ndinauza a Augustine kuti tangokusungitsani, ndege zikayamba kuuluka mubwera. Masana ndinauza a Annie mawu omwewo. Sindinatchule kuti mubwera kuti, ndipo aliyense anamva kuti mubwera kwawo. Ndinkaganiza kuti misozi ikauma nkhani izizira yokha. Inu munkandiuza kuti ndimathamangira kutseka pakamwa pa anthu ngati ndikumanga bala. Pamenepa ndinamanga bala lili ndi mafinya.

Nkhaniyo sinazizire. Ku Mzimba anasiya malo pafupi ndi bambo anu, n'kuwazinga ndi miyala. Ku Katete anasiyanso malo pafupi ndi mayi anu, ndipo chaka chatha atamwalira msuweni wanu anakamuika kumapeto kwa manda kuti asakulandeni malo. Epulo aliyense foni imalira kawiri. Chaka choyamba ndinati ndege. Chachiwiri ndinati mapepala a boma ndi ovuta. Chachitatu ndinati opaleshoni ya bondo. Zaka ziwiri zapitazi ndimangoti tikuyesetsa, ndipo liwu limeneli landinyansa m'kamwa.

Chifukwa cha bodza limeneli mulibe chiliza. Mbali zonse ziwiri zinandiletsa, ndipo pa mfundo imeneyi yokha ndi pamene Mzimba ndi Katete anagwirizana: chiliza chikamangidwa ndiye kuti munthu wakhazikika, sasunthanso, ndipo maliro atha. Choncho mwagona zaka zisanu pansi pa mtanda wa thabwa. Mvula ya kuno mukuidziwa. Mtandawo ndausintha kawiri, ndipo dzina lanu ndimalikoleza ndi penti ndekha. Kumanja kwanu kuli bambo wa ku Ireland pansi pa mwala wakuda wonyezimira. Kumanzere kuli mayi wa ku Poland amene ana ake amayatsa makandulo m'timabotolo tofiira. Kumutu kwanu kuli banja la ku Jamaica, mwamuna ndi mkazi, zithunzi zawo zili pa mwala. Onsewa anabadwira kutali, ndipo onsewa anthu awo anavomera kuti ulendo unathera pano. Inu nokha ndi amene mukuoneka ngati munthu wodikira basi. Ndimakwera mabasi awiri Loweruka kudzakuonani, ndipo ndikafika ndimachita manyazi.

Pali china chimene sindinauze munthu, ngakhale Twambilile. Tsiku lokakonza za manda, mayi wa mu ofesi anandifunsa ngati akumbe a munthu mmodzi kapena a anthu awiri, chifukwa kuno mwamuna ndi mkazi amagona m'manda amodzi, wina pansi wina pamwamba. Kwathu zimenezo n'zachilendo, ena angati n'zamalodza. Ine sindinaganize kawiri. Ndinati a awiri. Izi zinachitika masiku anayi a Augustine ndi a Annie asanaimbe. Choncho pamene ndinkanena kuti tangokusungitsani, ndinkadziwa kale kuti simudzapita kulikonse, ndipo kuti inenso sindidzapita. Sikunali kusokonezeka kwa namfedwa ayi. Ndinanama ndikudziwa.

Sindinachite zimenezi pofuna kulanda munthu wa eni. Ndinangokumbukira zimene munkanena anthu akamakangana za kwawo pa misonkhano ya Amalawi ija yosatha. Munkati kwanu n'kumene anthu angazindikire kuti lero simunatuluke m'nyumba. Tsiku la maliro anu, poti chiwerengero cholowa chinali chochepa, kunja kwa mpanda kunaima anthu. Madalaivala anzanu anavala yunifolomu. Bambo wa ku Limbe uja anabwera ndi mkazi wake. Nkhalamba ya ku Tipton inavula chipewa mvula ikugwa. Palibe anawaitana. Anazindikira okha kuti simunatuluke.

Ndakwanitsa zaka makumi asanu ndi awiri ndi chimodzi. Mankhwala anga a m'mawa akudzaza dzanja. Sindikufuna kusiyira Twambilile mkangano wa midzi iwiri imene saidziwa, m'zilankhulo zimene amangozimva theka. Sindikufunanso kuti akufukuleni, akuikeni m'bokosi lachitsulo, mukafike pa bwalo la ndege ku Lilongwe mupeze magalimoto awiri, ina yoloza kumpoto ina yoloza kumadzulo. Munayenda mokwanira.

Choncho ndagamula. Chiliza ndauza kale amisiri, ndipo tichivundukula Loweruka lachiwiri la Juni. Abusa athu, amene kwawo ndi ku Chipata, adzapemphera mwachidule, ndawauza kale kuti mwachidule. Kwaya ya amayi idzaimba nyimbo ziwiri, ina ya Chitumbuka ina ya Chichewa. Pa mwalapo tilemba dzina lanu, ndi kuti munabadwira ku Wankie, m'kalembedwe kakale kamene kali pa chikalata chanu. Tilembanso dzina la bambo anu ndi mudzi wawo, dzina la mayi anu ndi mudzi wawo, zilembo zofanana kukula, mzere umodzi, kuti pasapezeke wonena kuti wina waikidwa pamwamba pa mnzake. M'munsi mwake ndauza mmisiri asiye pamalo posalemba.

Mawu awa Twambilile awatumiza pa foni ku Mzimba ndi ku Katete nthawi imodzi, kuti wina asamve kwa mnzake. Ndikanatha kuimba, koma ndikudzidziwa: ndikangomva a Annie akulira ndinenanso kuti tikuyesetsa. Ndasankha kuulula pamaso panu, poti kwa inu sindinathe kunama ngakhale za mtengo wa nsapato. Alamu anga andikhululukire. Anakusungirani malo chifukwa amakukondani, ndipo ine ndinawasiya akulondera dothi zaka zisanu. Malowo awapereke kwa ena, miyalayo aichotse. Mwina a Augustine anena kuti mkazi wa ku Mulanje wawabera mwana. Mwina a Annie, amene tinkatumizirana nawo zithunzi za adzukulu, sadzayankhanso foni yanga. Zimenezo zindipweteka, chifukwa mawu awo ndi okhawo otsala amene amafanana ndi anu. Ndalolera. Akafuna kubwera mu Juni, kalata yowaitanira ndilemba, ndipo chipinda chanu chowerengera nyuzipepala chili ndi bedi. Abale anga a ku Mulanje nawonso amve lero lomwe, asadzavutike kundisungira malo.

Amene akukulirani ndi omwe aja. Twambilile amasungabe mawu anu pa foni yake, aja munkamufunsa ngati wathira mafuta m'galimoto, ndipo amawamvera akaganiza kuti sindikuona. Steve anatenga jekete lanu la mvula, likumukhwepa, koma salivula. Ann ali ku sekondale tsopano. Aphunzitsi atawauza kuti alembe kumene makolo awo anachokera, iye anapempha pepala lachiwiri. Amayi a ku tchalitchi amakutchulani nthawi zonse pakafunika munthu wowatengera kunyumba. Ine ndimaphikabe zochuluka. Ndimakwiyabe ndikapeza kuti palibe amene wasiya sokosi pa mpando.

Gonani tsopano, a Osborne. Palibenso amene adzakusuntheni. Kukuiwalani ndiye ayi, pa msinkhu wangawu sindingayambe kuphunzira zimenezo.

Ine mkazi wanu Dorothy,
pamodzi ndi Twambilile, Steve ndi Ann,
Dudley.