Zovala za Mayi a Tereza

Alamu anga,

Ndikhulupirira muli bwino ndi ana ku Chipatako. Ine ndilipo, chifuwa chokha.

Mwafunsa za imfa ya alongo anu. Tsiku lomaliza labwino tinkapalira chimanga ku Nsadzo, iwo akundiseka kuti mizere yanga yakhota. Pobwerera, galu wathu, amene anali atamenyana ndi nkhandwe, anawaluma chala. Ndinachita monga tinkachitira kale: ndinawotcha ubweya wake n'kupaka phulusa pabala. Bala linapola.

"Mwaona, bambo a Tereza? Kuchipatala ku Chifunde tikanangovutikira ulendo," anatero.

Patatha mwezi anayamba kuopa madzi. Anamwino anati ndi chiwewe, chafala mwa agalu ndi nkhandwe, ndipo katemera tachedwa naye. Nkhondo yonse anaipulumuka, alamu, n'kudzafa ndi phulusa langa. Chonde, wina akalumidwa kwanuko, apite kuchipatala tsiku lomwelo.

Pogawa zovala, azakhali anu anakana n'kuzikhudza komwe, ati zili ndi matenda. Ndinazichapa ndekha n'kupita nazo kumalire ku Cassacatiza. Makapulana onse, zitenje zawo zija, ndinapatsa mayi wina wosamudziwa, wobwerera kumene kuchokera ku Zambia. Sanafunse mwini wake, inenso sindinanene.

Mulungu akusungeni.

Mlamu wanu,
Alberto