Chipepeso pa Imfa ya Mayi Frekho Aronbayeva, Amene Anaikidwa Popanda Kadishi

Kuchokera ku Bungwe la Achinyamata Achiyuda a ku Bukhara, kupita kwa a banja la Aronbayev ndi kwa onse amene ankawadziwa malemuwa.

Inu a Uriel Aronbayev, azakhali anu mwawamana pemphero lomaliza, ndipo mwachita dala. Tayamba ndi inu chifukwa chipepeso chodumpha mawu amenewa chingakhale chabodza, ndipo amene tikuwalirawa bodza ankadana nalo kuposa matenda.

Ife a bungweli tinasweka mtima titamva kuti Mayi Frekho Aronbayeva, amene akulu ndi ana omwe tinkangowatchula kuti bibi, kutanthauza agogo, atisiya Lamlungu lapitali atadwala kwa nthawi yochepa. Kuchokera pamene bambo awo anamwalira, iwowa ndiwo ankayendetsa Thumba la Chifundo la Banja la Aronbayev, ndipo pamene abale awo ankasamuka mmodzimmodzi kupita ku New York, ku Vienna ndi ku Israyeli, iwo anatsala, nagwira chiwongolero ndi manja awiri. Denga la sunagoge wathu litayamba kudontha, thumbali ndilo linafolera. Mpanda wa kumanda utagwa, mbuzi n'kumadya udzu pamitu pa makolo athu, thumbali ndilo linamanga. Sukulu yathu ya masana, mmene ambiri a ife tinaphunziriramo zilembo za Chihebri ndi masamu, inakhalapo chifukwa cha iwo, ndipo atsikana amene lero ndi anamwino ndi aphunzitsi sanaiwale amene anakakangana ndi makolo awo kuti asawakwatiwitse msanga. Chipatala chaching'ono chimene anatsegula m'bwalo la nyumba ya makolo awo sichinafunsepo wodwala kuti amapemphera kuti. Sanali mayi ofewa ayi. Ukalephera mayeso ankakukoka khutu pamaso pa anzako, madzulo ake n'kukutumizira mbale ya mpunga wa nyama.

Tsono amene muli kutali imvani zimene zinachitika Lolemba kumanda. Mukudziwa kuti Kadishi, pemphero limene timanenera omwalira, silinenedwa popanda amuna khumi achiyuda. Masiku ano khumi timakwana movutikira, ndipo sabata ino mmodzi wa akuluakulu athu ali gone m'chipatala ku Tashkent. Tinadziwerenga pambali pa dzenje, tinapezeka asanu ndi anayi. Palibe anada nkhawa, pakuti a Uriel, mwana wa mchimwene wawo wa malemuwa, anali mumzinda muno. Anabwera kuchokera ku New York mwezi watha kudzakakamiza azakhali awo kuti atseke sukulu ndi chipatala, ntchito yonse ya thumbali isamukire kutsidya kwa nyanja, koma bibi anakana. Galimoto la a Uriel tinaliona litaima pachipata cha kumandako. Eni ake sanatsike.

A Rahmin, mlongo wawo wa malemuwa, nkhalamba imene maso anaifera kalekale, anaima atagwira mkono wa Mazol, mwana wamkazi wa bibi. Anali atayeretsa kale kukhosi kuti ayambe.

"Takwana?" anafunsa.

"Tatsala pang'ono, amalume," anatero Mazol.

"Pang'ono ndiye kuti chiyani? Munthu sabwera theka."

Olimjon, Msilamu wophika buledi amene amakhala moyandikana ndi chipatala chija, anasendera pafupi. "Ndiwerengeni ine, akulu. Zaka zonsezi ndadya nanu, ndevu ndili nazo, ndipo Amen ndimamudziwa."

Anthu anaseka misozi ili m'maso. A Rahmin anamusisita paphewa. "Mulungu akudalitse mwanawe, koma iwe ndiwe wa khumi kwanu kumzikiti."

Ine wapampando wa bungweli ndinapita ndekha kugalimoto, ndinagogoda pagalasi. "Achimwene a Uriel, chonde tsikani, tikudikira inu nokha."

Anatsitsa galasi pang'ono. "Mwakwana angati?"

"Asanu ndi anayi."

"Basi, pita ukawauze zimenezo. Ndakhala ndikunena kuti kuno kunatha, iwo osamva. Sukulu ya ndani? Chipatala cha ndani? Mudzi wolephera kuika maliro ake okha! Banja lonse lidzionere lero."

"Ndi azakhali anu aja ali m'nsalumo."

"Iwe Nison, ukundiphunzitsa chibale ine? Pamene ndinkachoka kuno n'kuti uli ndi mamina."

Galasi linakwera. Tinadikira mpaka dzuwa linayamba kutentha nkhalamba zathu, kenako tinakwirira. Pemphero lija silinanenedwe. Mayi amene anaonetsetsa kuti mmphawi aliyense wa mumpingo uno aikidwe ndi mwambo wonse, iwo anatsitsidwa m'manda mwakachetechete ngati mlendo wofera panjira.

Ine sindinaphunzire kwa arabi, aphunzitsi akuluakulu a chipembedzo chathu, ndipo chimene ndikudziwa ndinachitola ndekha m'mabuku otha a m'sunagoge. Koma sindinapezemo tsamba lololeza munthu kusandutsa mtembo wa azakhali ake umboni wopambanira mkangano wa pabanja. Mukufuna kutseka sukulu? Itanani abale, mukangane masana, mutigonjetse ndi mfundo. Inu munasankha kukangana ndi munthu amene sangakuyankheninso.

Ena atiuza kuti tiitane mwamuna mmodzi wa ku Samarkand, nkhani ithe. A Rahmin akana. Akuti, "Ndikapemphe mlendo, mwana wa mkulu wanga ali m'hotela kuseri kwa msikawu akumwa tiyi? Ndidikira." Ndipo akudikiradi. M'mawa uliwonse wa masiku asanu ndi awiri olira ano amakhala pansi m'nyumba ya maliro, chitseko chikalira amatembenuza mutu.

Kwa inu a Rahmin, kwa inu Mazol, kwa adzukulu ndi abale onse amene muli kuno ndi kunja, m'malo mwa mamembala onse a bungwe lino ndikuti pepani, pepani kwambiri. Chisoni chanu ndi chathu, ndipo manyazi amene mwasenzetsedwa pamwamba pa chisonicho sitikusiyirani nokha. Wamphamvuyonse akutonthozeni pamodzi ndi onse olira a Ziyoni ndi Yerusalemu, akupatseni mphamvu, ndipo dzina la bibi Frekho likhale dalitso pakati pathu. Abale a kunja amene muli ndi mawu pa thumbali, musanagamule za sukulu ndi chipatala, kumbukirani kuti chiwerengero chimene a Uriel adzakuuzenicho anachipanga okha atakhala m'galimoto.

Koma kwa inu a Uriel, bungwe lakhala pansi ndipo lagwirizana popanda wotsutsa. Bambo anu agona m'manda omwewa. Chaka chilichonse mumabwera kudzawakumbukira, mumaphikitsa mpunga, mumatiitana, ndipo ife timasiya ntchito zathu kudzakukwaniritsirani khumi. Mwa amuna amene mumadalira tsiku limenelo, asanu ndife. Mukapanda kukonza chimene mwawonongachi, mudzaima pamanda a bambo anu ndi mpunga wanu, mudzawerenga mitu, ndipo ife tidzakhala pachipata tikukuyang'anani. Tikudziwa kuti malemuwa akanatikoka makutu chifukwa cha mawu amenewa. Sali pano kuti atikoke.

Lamlungu likudzali masiku olira akutha, ndipo m'mawa tonse tidzapita kumanda. Ife asanu ndi anayi tidzakhalapo. Musatitumizire uthenga kudzera mwa dalaivala, ndipo musayankhe ine. Pitani kunyumba ya maliro, mukagwade pamaso pa a Rahmin, muwauze ndi pakamwa panu anthu akumva. Mudzabwera kudzaima pa khumi, kapena simudzabwera? Yankhani.

Nison Shimunov
Wapampando, Bungwe la Achinyamata Achiyuda a ku Bukhara